Geni ili m'manja koma pakamwa pali duu: momwe munthu wofatsa angalankhulire za malonda ake



Ife aphunzitsi timaona zambiri zomwe sizilembedwa pa lipoti la mayeso. Chimodzi mwa izo n'chakuti ana ambiri pasukulu pano ali ndi kageni kunyumba. Wina amathandiza mayi ake kukazinga mandasi ndi sambusa, wina amasoka mahijabu pa tchuthi, wina amaweta nkhuku, wina amakonza mafoni, wina amaoda tomato n'kumagulitsa pakhomo. Ndalama za timageni timeneti ndi zomwe zimagula makope ndi yunifolomu, ndipo m'makomo ena ndi zomwe zimalipira fizi ndi mayeso a MANEB.

Koma pakati pa ana amenewa pali ena omwe katundu wawo ndi wabwino, kungoti pakamwa pawo m'polemera. Amaika beseni pansi, n'kuima chapatali ngati kuti beseniyo si yawo. Munthu akafunsa mtengo amayankha chapansipansi, maso ali pansi. Mnzawo wa pambali, amene mandasi ake mwina ndi aang'ono, wamaliza kale kugulitsa dzuwa lisanafike pamutu. Madzulo wofatsa uja amabwerera ndi theka la beseni, ndipo kunyumba akumana ndi mawu akuti, "Iwe ndiye ulibe mutu wa bizinesi."

Vutoli si la ana okha. Tili ndi atelala aluso, amisiri a matabwa ndi amayi ophika bwino omwe anthu a m'mudzi mwawo momwe sadziwa ntchito yawo, chifukwa eni ake sanainenepo. Nkhani yathu ya lero ikufotokoza chomwe chimachititsa zimenezi, ndi zomwe munthu wotere angachite popanda kusintha chibadwa chake.

Kufatsa ndi manyazi si chinthu chimodzi

Tiyambe ndi kulekanitsa zinthu zitatu zomwe timakonda kuziphatikiza.

Choyamba ndi kufatsa. Pali anthu omwe mwachibadwa amakonda malo a phee, amaganiza kaye asanayankhule, amacheza bwino ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndipo akakhalitsa pagulu amatopa ngati alima. Pachingerezi munthu wotere amamutcha introvert. Mawuwa anatchuka kudzera mwa Carl Jung, dokotala wa za maganizo wa ku Switzerland, m'buku lomwe anatulutsa mu 1921. Iye anasiyanitsa anthu omwe mtima wawo umakokera mkati ndi omwe umakokera kunja, kugulu. Amenewa si matenda, ndipo si vuto lofuna kuchizidwa. Ndi mtundu chabe wa munthu, monga momwe wina amakhalira wamanzere.

Chachiwiri ndi manyazi a mantha. Uku ndi kuopa kuti anthu andiseka, andinyoza kapena andikana. Munthu wolongolola akhoza kukhala nawo manthawa, ndipo wofatsa akhoza kukhala wopanda. Koma nthawi zambiri wofatsa amakhalanso nawo, chifukwa anakula akuuzidwa kuti ndi wogona.

Chachitatu ndi haya, ulemu wodzisunga umene timaphunzira kumadrasa, womwe umamletsa munthu kuchita zonyansa ndi kulankhula zopanda pake. Haya ndi khalidwe lotamandika, ndipo palibe akukuuzani kuti mulitaye.

Pa zitatuzi, chomwe chikudya mpamba wa anthu ndi chachiwiri chokha. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo manyazi omwe ankanenawo ndi amenewa: kufa ndi njala chakudya chili pafupi chifukwa choopa kutsegula pakamwa. Choncho ntchito yathu si kusandutsa wofatsa kukhala wosokosa. Ntchito ndi kuchotsa mantha, kufatsa ndi ulemu zikhale momwemo.

N'chifukwa chiyani mtima umagunda?

Munthu akaima pamaso pa anthu osawadziwa, thupi limachita ngati laona ngozi. Mtima umagunda mofulumira, m'manja mumatuluka thukuta, kukhosi kumauma, ndipo mawu omwe anali m'mutu amabalalika. Izi zimachitika chifukwa thupi latulutsa timadzi ta adrenaline tomwe timalikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana. Thupi silisiyanitsa bwino pakati pa galu wolusa ndi kasitomala wofunsa mtengo wa dzira.

Chomwe chimakuza manthawa ndi maganizo akuti aliyense akundiyang'ana. Mu 2000, Thomas Gilovich ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku yemwe anachita pa yunivesite ya Cornell ku America. Anapempha ophunzira kuti avale malaya ochititsa manyazi, okhala ndi nkhope ya woimba wina, n'kulowa m'chipinda momwe munali anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu a m'chipindamo laona malayawo. Atawafunsa anthuwo, kunapezeka kuti omwe anazindikira anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Phunziro lake ndi lakuti anthu satiyang'anitsitsa monga momwe timaganizira. Munthu wodutsa pamsika ali ndi zake m'mutu: ndiwo za madzulo, ndalama ya minibasi, mwana wodwala. Mukachita chibwibwi potchula mtengo, iye akafika pa ngodya wayiwala kale.

Chinanso n'chakuti mantha amakula munthu akamathawa, ndipo amachepa akamakumana ndi chinthucho pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Tsiku lililonse lomwe mwabisala kuseri kwa beseni, mtima umaphunzira kuti kubisala ndi komwe kwakupulumutsani, ndipo mawa mantha amabwera okulirapo. Tsiku lomwe mwalankhula n'kuona kuti palibe choopsa chachitika, mtima umaphunzira zina. Ambiri amadikira kuti kulimba mtima kubwere kaye kenako ayankhule. Zimayenda mosiyana: umayamba kuyankhula mtima ukugunda, kulimba mtima kumabwera pambuyo.

Warren Buffett, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku America, wanenapo kambirimbiri kuti ali mnyamata ankaopa kwambiri kuyankhula pagulu. Analipira madola 100 kuti achite maphunziro a kayankhulidwe a Dale Carnegie, ndipo satifiketi ya maphunziro amenewo anaipachika muofesi yake. Kuyankhula ndi luso lophunzirika, monga kupalasa njinga.

Kodi wolongolola ndiye wogulitsa bwino?

Ambiri timakhulupirira choncho, koma pali umboni wotsutsa. Mu 2013, Adam Grant wa pa sukulu ya zamalonda ya Wharton anafalitsa zomwe anapeza atatsatira anthu 340 ogulitsa malonda kudzera pafoni kwa miyezi itatu. Omwe anabweretsa ndalama zambiri sanali olongolola kwambiri, komanso sanali achete kwambiri. Anali apakatikati, odziwa nthawi yoyankhula ndi nthawi yomvetsera. Wolongolola mopitirira amalephera kumva chomwe kasitomala akufuna. Wachete mopitirira amalephera kunena kuti, "Gulani."

Kwa wofatsa, uwu ndi uthenga wabwino. Theka la luso, lomwe ndi kumvetsera, muli nalo kale. Ndinu amene mumakumbukira kuti agogo aja safuna shuga wambiri, kuti aphunzitsi aja amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, kuti mayi aja amakonda nsalu zosawala. Chotsala ndi kusuntha pang'ono chabe kupita pakati.

Mu mbiri yathu tili ndi chitsanzo chomveka. Uthman bin Affan (RA) ankadziwika pakati pa maswahaba chifukwa cha haya ndi kufatsa kwake, koma analinso mmodzi mwa amalonda olemera kwambiri. Ndi iye amene anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kuti anthu azitunga ulere, komanso anapereka chuma chambiri pokonzekera ulendo wa Tabuk. Kufatsa sikunamulepheretse malonda.

Kuuza anthu za malonda si kudzitama

Ana ena amatiuza kuti, "Ustadh, ndikamanena kuti sambusa zanga ndi zokoma ndimamva ngati ndikudzitama." Ena amaopa kuti anzawo a m'kalasi awaona ngati osauka. Enanso, makamaka akuluakulu, amaopa nsanje.

Tiganize motere. Mayi ali ndi alendo a ukwati ndipo akufuna wophika sambusa 200. Inu mumaphika bwino ndipo mumakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo, koma sadziwa. Akwera minibasi kupita kutauni, awononga ndalama ndi nthawi, n'kukagula zozizira. Kukhala chete kwanu sikunawathandize iwo, ndipo sikunakuthandizeni inu. Kumuuza munthu chomwe muli nacho ndi kumupatsa uthenga wofunika. Kudzitama ndi kunena za inu mwini kuti anthu akutamandeni. Kutsatsa ndi kunena za katundu kuti wofuna amupeze.

Malire ake ndi choonadi. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Mtumiki (SAW) akudutsa pamsika, pomwe analowetsa dzanja mu mulu wa chakudya n'kupeza kuti chapansi n'chonyowa, ndipo anadzudzula wogulitsayo chifukwa chosaika chonyowacho poonekera. Tinaphunzitsidwanso kuti kulumbira pofuna kugulitsa kumayendetsa malonda koma kumachotsa madalitso. Izi zimamupepuza wofatsa. Simukufunika mawu okometsera, malumbiro kapena nthabwala. Mukufunika kunena zoona momveka: ichi n'chiyani, chapangidwa liti, mtengo wake ndi uwu, ndipo chilema chake ndi ichi. Munthu wogulitsa foni yakale amene amanena yekha kuti batire silikhalitsa amataya kasitomala mmodzi lero, koma amapeza mbiri yomwe imabweretsa khumi.

Ponena za kuoneka wosauka, tikumbutsane kuti malonda si ntchito yonyozeka. Mayi Khadija (RA) anali wamalonda wolemekezeka ku Makka, ndipo Abdurrahman bin Awf (RA) atafika ku Madina wopanda kanthu, sanalandire chuma chomwe m'bale wake wa ku Madina anafuna kumugawira, koma anapempha kuti amulozere msika.

Konzani mawu anu kunyumba

Wolongolola amapeza mawu ali pomwepo. Wofatsa amachita bwino akakonzekera. Musadikire kuti mawu abwere okha pamaso pa kasitomala. Tengani kope, mulembe ziganizo zitatu zoyankha mafunso atatu: Ndimagulitsa chiyani? Chosiyana ndi cha ena n'chiyani? Wofuna andipeza bwanji?

Wa sambusa akhoza kulemba kuti: "Ndimagulitsa sambusa za nyama ya ng'ombe ndi za mbatata. Timakazinga m'mawa uliwonse, za dzulo sitigulitsa. Mukafuna zambiri za mwambo, mundiuze kutatsala masiku awiri."

Wosoka akhoza kulemba kuti: "Ndimasoka mahijabu ndi madiresi a ana. Ndimayeza kaye, ndipo chikapanda kukwana ndimakonza ulere. Ndimapezeka kunyumba Loweruka lililonse."

Onani kuti m'mawu amenewa mulibe "zabwino kwambiri" kapena "zoposa onse". Muli mfundo zomwe munthu angazitsimikize. Koma lonjezo lililonse lomwe mwalemba likhale loti mudzalisunga. Ngati za dzulo mumagulitsa, chiganizo chimenecho chichotseni.

Mukalemba, ziwerengeni mokweza, osati mumtima. Ife amene tinadutsa kumadrasa tikudziwa kuti sura yomwe waiwerenga ndi maso okha imathawa ukakhala pamaso pa shehe, pomwe yomwe waibwereza ndi pakamwa imatuluka yokha ngakhale miyendo ikunjenjemera. Nenani ziganizo zanu kakhumi mukutsuka mbale, kenako muzinene kwa mng'ono wanu, kenako mudzijambule mawu pafoni n'kumvetsera. Ambiri akadzimvetsera amapeza kuti mawu ndi abwino, kungoti akuthamanga kapena akumeza mathero a chiganizo.

Lembaninso mafunso asanu omwe makasitomala amakonda kufunsa, pamodzi ndi mayankho ake. Mudzaona kuti mafunsowo ndi omwewomwewo tsiku ndi tsiku: mtengo, kuchotsera, ngongole, kukhalitsa kwa katundu, ndi tsiku lodzatenga. Funso lachilendo likabwera, palibe cholakwa kunena kuti, "Mundipatse mpata ndifunse, ndikuyankhani mawa."

Kwerani makwerero, musalumphe

Popeza mantha amachepa ndi kuzolowera, yambirani pomwe mtima ukugunda pang'ono, osati pomwe ukuchita kufuna kutuluka. Sabata yoyamba uzani anthu atatu omwe mumamasuka nawo: azakhali, mnzanu wa pa desiki, woyandikana naye nyumba. Sabata yachiwiri uzani anthu omwe mumawadziwa koma simucheza nawo, monga mwini golosale yomwe mumagulako sopo. Sabata yachitatu yambani inu kupereka moni kwa odutsa pamalo anu ogulitsira, n'kuwonjezera mawu amodzi okha: "Zilipo zotentha." Sabata yachinayi pitani kwa munthu amene angagule zambiri, monga mwini tiyirumu kapena wokonza mwambo, mutanyamula zoti alawe. Pambuyo pake ndi pomwe mungaimirire pagulu la chipereganyu kapena pamsonkhano wa amayi n'kunena ziganizo zanu zitatu zija.

Dziikireni chiwerengero chomwe chili m'manja mwanu. Musanene kuti, "Lero ndigulitsa zonse," chifukwa kugula ndi kwa wogula. Nenani kuti, "Lero ndiuza anthu asanu." Madzulo chongani m'kope. Pang'onopang'ono ndi mtolo: anthu asanu pa tsiku kwa masiku asanu ndi limodzi ndi anthu 30 pa sabata.

Nthawi yoyankhula ikafika, tulutsani mpweya pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, chifukwa kupuma motero kumachepetsa kugunda kwa mtima. Imani pafupi ndi katundu wanu, nkhope iwonekere, foni ikhale m'thumba. Yambani ndi moni, pakuti moni mumaudziwa kale ndipo umatsegula kukhosi. Ngati kuyang'ana munthu kumaso kukuvuta, kapena ulemu sukulola, yang'anani katundu amene mukufotokoza ndipo mumuloze ndi dzanja. Chofunika n'chakuti mawu amveke. Ndipo mukasowa chonena, funsani funso: "Mukufuna za anthu angati?" "N'za mwana wa zaka zingati?" Funso limapereka mpata woyankhula kwa kasitomala, inu n'kubwerera ku luso lanu lomvetsera.

Pomwe ndalama zimathawira: mtengo, banyira ndi ngongole

Wofatsa sataya ndalama chifukwa chosowa makasitomala kokha. Amatayanso chifukwa cholephera kunena kuti ayi. Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe mageni ambiri amafera.

Tiyerekeze kuti ufa, shuga, yisiti, mafuta ndi makala zakudyerani K30,000, ndipo mwakazinga mandasi 150. Ndiye kuti limodzi lakudyerani K200. Mukagulitsa pa K300 lililonse mupeza K45,000, phindu ndi K15,000. Tsopano anzanu ndi achibale atenga mandasi 20 pa ngongole yomwe simudzalimba mtima kukaitsata: K6,000 yapita. Ena khumi mwapereka banyira chifukwa anthu anakakamira: K3,000 yapita. Phindu latsala K6,000, ndipo thukuta lanu lodzuka m'bandakucha sitinaliwerengere. Mandasi awiri kapena atatu akatsala tsiku lililonse, phindu lotsalalo limachepanso.

Mankhwala oyamba ndi kudziwa masamu anu. Munthu amene sadziwa kuti katundu wamudyera zingati amagonja msanga ponenerera, chifukwa mumtima amakayika ngati mtengo wake uli wachilungamo. Amene wawerengera amadziwa pomwe sangatsike. Musanachoke kunyumba, dziwani mitengo iwiri: woyambira ndi womaliza. Ndipo zinthu zikakwera, monga zinachitikira kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, werengeraninso. Ambiri ofatsa amapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale kwa miyezi chifukwa choopa kuuza makasitomala.

Mankhwala achiwiri ndi kutchula mtengo n'kukhala chete. Ambiri amati, "Ndi K300, koma mwina mukhoza kungopereka..." munthu asanadandaule n'komwe. Tchulani mtengo, tsekani pakamwa, dikirani. Kudikira ndi luso lomwe wofatsa ali nalo kale.

Mankhwala achitatu ndi kukonzeratu mawu okanira mwaulemu. Kwa wamkulu: "Pepani bambo, pamenepa ndiye pothera, ndikatsika ndidya mpamba." Kwa mnzanu: "Aise, ndalamayi si yanga ndekha, madzulo ndimakawerengera ndi amayi." Kwa wachibale: "Azakhali, ngongole tinasiya kwa aliyense, koma mawa ndidzakusungirani mukabwera nayo." Lamulo likakhala la aliyense, palibe amene amamva kuti wanyozedwa.

Ngati mwasankha kukongoza, lembani: dzina, tsiku, kuchuluka kwake ndi tsiku lobweza, wokongolayo akuona. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole. Kope limathandizanso potsata, chifukwa simukufunika kukangana. Mumangonena kuti, "Ndimati ndikukumbutseni za m'kope zija, tinagwirizana Lachisanu." Ndipo ngati mukufuna kuthandiza munthu wovutika, mupatseni monga sadaka mwa kufuna kwanu, mtima uli mbee, kusiyana ndi kulandidwa chifukwa cha manyazi kenako n'kumadandaula mumtima.

Zina zikuyankhulireni

Si uthenga wonse umene uyenera kutuluka pakamwa panu. Chikwangwani cholembedwa bwino, chokhala ndi dzina la katundu ndi mtengo, chimayankha funso loyamba inu musanatsegule pakamwa, ndipo chimachepetsa kunenerera. Ukhondo wa beseni, chovundikira ndi zovala zanu zimanena zambiri. Kachidutswa kolawitsa kamagwira ntchito yomwe mawu makumi awiri sangagwire.

Ofatsa ambiri amalemba bwino kuposa kuyankhula. Chithunzi chowala pa WhatsApp, chokhala ndi mtengo, malo ndi nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, chimafika kwa anthu ambiri inu muli phee kunyumba. Kwa ophunzira, izi zichitike pa foni ya makolo ndipo makolowo azidziwa amene akulemberana nanu. Katundu woitanitsidwa ndi munthu wosamudziwa akaperekedwe poyera, muli ndi wamkulu.

Kasitomala wokhutira ndiye wotsatsa wamkulu. Akakuyamikirani musangomwetulira. Nenani kuti, "Zikomo, mukauzekonso ena." Ndi mawu atatu okha, koma ambiri sawanena.

Pomaliza, palibe cholakwa kugwirizana ndi mnzanu wa pakamwa popepuka. Mneneri Musa (AS) atatumidwa kwa Firiauna anapempha Allah kuti amasule lilime lake, ndiponso kuti amupatse m'bale wake Harun (AS), amene ankayankhula bwino kuposa iye, kuti amuthandize. Koma onani kuti Musa (AS) sanatsale kunyumba. Anapita nawo ndipo anayankhula. Mnzanu aitane anthu, inu mufotokoze za katundu, chifukwa amene amamudziwa bwino ndinu. Za kagawidwe ka phindu mugwirizane poyamba, ndipo mulembe.

Akakana, komanso mukatopa

Anthu ambiri omwe mudzawauze sadzagula, ndipo zimenezi zimachitikira wogulitsa aliyense. Munthu akati ayi, kawirikawiri akutanthauza kuti alibe ndalama lero, wadya kale, kapena ali pachangu. Sakukana inu. Muyankheni kuti, "Zikomo, tsiku lina," chifukwa amene mwamulekerera mwaulemu lero ndi amene amabwera mawa. Ngati mungathe, funsani chifukwa chake. Mukamva kwa anthu atatu kuti mchere wachuluka, mwapeza uphungu waulere. Safunsa anadya phula.

Dziwaninso kuti kutopa mukachoka pagulu ndi chibadwa chanu, si chizindikiro choti malonda sakukuyanjani. Sankhani maola omwe anthu amagula kwambiri, muyankhule ndi mphamvu zanu zonse nthawi imeneyo, kenako mupeze mpata wokhala panokha. Ntchito zachete monga kuwerengera, kulongedza ndi kusoka zikhale zopumulira.

Koma ngati mantha afika poti mwana akukana kupita kusukulu, sakudya pamaso pa anthu, kapena akudwala akangoganiza zokumana ndi gulu, zimenezo zaposa kufatsa. Makolo abwere tidzakambirane, ndipo ngati pakufunika tipite kwa achipatala.

Mawu kwa makolo ndi komiti

Makolo anzathu, mawu omwe timawaitanira ana amamera. Mwana amene tsiku lililonse amamva kuti ndi wogona, kapena akuyerekezedwa ndi mkulu wake wochangamuka, amasiya kuyesa. Mlendo akafunsa mwana funso, tisamuyankhire. Timupatse mpata ngakhale achedwe. Timutume kukagula ndi kukanenerera zinthu zazing'ono. Akabwera kogulitsa, funso loyamba lisakhale lakuti, "Zatsala zingati?" koma lakuti, "Wauza anthu angati lero?" Timuonetsenso masamu a geni yonse, chifukwa mwana amene akudziwa mtengo wa ufa amateteza mtengo wa mandasi. Ndipo tisaiwale kuti ntchito yoyamba ya wophunzira ndi sukulu. Geni ikhale ya Loweruka, tchuthi ndi maola omwe sakusokoneza kuwerenga, ndipo mwana asatumidwe kukagulitsa usiku kapena malo okayikitsa.

Kwa akuluakulu a komiti, tili ndi pempho. Tonse tikudziwa kuti mkati mwa mzikiti si malo a malonda, ndipo adhana ya Jumu'ah ikamveka kugula ndi kugulitsa kumaima. Koma swala ikatha anthu amaloledwa kubalalika kukafuna riziki. Kodi sizingatheke kupatula malo kunja kwa mpanda, ngakhale kamodzi pa mwezi, pomwe achinyamata ndi amayi angayale katundu wawo pamaso pa anthu owadziwa? Kodi sipangakhale bolodi lolembapo amisiri ndi amalonda a m'dera lathu, kuti wofuna telala kapena wokonza njinga ayambire kwa oyandikana nawo? Kwa munthu wofatsa, kugulitsa koyamba pakati pa nkhope zodziwika ndi sitepe yomwe imamufikitsa kumsika waukulu. Tikupemphanso amalonda achikulire a mu jamaa yathu kuti atenge wachinyamata mmodzi azikhala naye mushopu pa tchuthi, aone momwe amalandirira kasitomala ndi momwe amakanira ngongole popanda kudana ndi munthu.

Kwa inu ophunzira, ntchito ya sabata ino ndi yaing'ono. Lembani ziganizo zanu zitatu, muwerengere mtengo weniweni wa katundu wanu, ndipo muuze anthu atatu. Amene akufuna poyesera abwere kuofesi ya aphunzitsi nthawi yopuma adzayesere pa ife. Tidzamvetsera mpaka mumalize, tidzafunsa mtengo, ndipo tidzayesa kunenerera kuti tione ngati mungaime pa mawu anu.

Allah adalitse ntchito za manja anu ndi za makolo anu.